Wopanda Nkhope pa Benchi Yachitatu

Valbrune, Faransa
3 Epulo 1887

Delfina mkazi wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe ndi katundu wasenza m'mimbayo. Ine kuno ndili bwino, miyendo yokha ndiyo ikadali kudandaula za ulendo. Upereke moni kwa amayi. Moni kwa iwenso Orsolina mlongo wanga, poti ndikudziwa kuti womuwerengera kalatayi ndiwe. Uwerenge zimene ndalemba osathiramo mchere wako, ndipo nkhani zithere m'nyumba momwemo, zisakafike kuchitsime.

Ntchito taipeza. Kapitawo ndi Mfaransa, dzina lake Roubaud, munthu wosadziwa kuseka. Tilipo asanu ndi mmodzi, tonse Ataliyana akwathu, ndipo ndikugona chipinda chimodzi ndi Tista Mosca, yemwe mkonono wake umaumva uli tsidya la mtsinje. Tikukonza katchalitchi ka Amayi Maria kamene kali paphiri kunja kwa mudzi. Kanasiyidwa zaka makumi atatu zapitazo. Tinapeza nkhunda zitamanga mudzi paguwa, zitosi kufika m'akakolo. Anzangawa atenga denga, ine andipatsa makoma a m'kati, pulasitala ndi njereza.

Zenera lenileni ndi limodzi, lili pamwamba pa chitseko. Dzuwa likapendeka kuwala kumalowa n'kumakwawa pakhoma, ndiye chilichonse chimene dzanja lalakwitsa chimaonekera poyera, ngakhale kotupa kochepa ngati njere ya mpunga. Malemu bambo ankati kapitawo ungamunamize, koma dzuwa la madzulo sungalinamize.

Tsono imva ichi. Tsiku loyamba anzanga atapita kukadya ndinatsala ndekha, n'kugwada pazitosi pomwepo. Ndinawauza Amayi Maria kuti, ana awiri aja munatenga, sindinafunse chifukwa. Uyu yekha mundisiyire, ndipo ine makoma anu onse anayi ndidzawamaliza ndi dzanja langali, osasiyira munthu wina ngakhale pokwana chikhatho. Ndalonjeza, Delfina. Ndiye usaope.

Ndatumiza mafuranki makumi awiri. Usanyamule nkhuni, usakwere kukatsitsa udzu wa ng'ombe, Orsolina ali ndi miyendo. Buledi wa kuno ndi woyera ngati wa ansembe koma sakhalitsa m'mimba, ndipo ufa wa chimanga wophikira polenta, nsima yathu ija, ndi wodula kawiri kuposa kwathu.

Tsiku la Martino Woyera, mu Novembala, ndidzakhala pamlatho wa kwathu pamodzi ndi amuna onse obwerera kuchokera kuntchito. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuona akazi a anzanga ataima kutsidya, akukweza makanda m'mwamba kuti abambo awo awaone asanawoloke, ine n'kumayang'ana madzi. Chaka chino ndiyang'ana kutsogolo.

Ndine mwamuna wako,
Secondo

15 Meyi 1887

Delfina,

Moni. Ndasangalala kumva kuti miyendo yasiya kutupa. Ine ndili bwino ndithu.

Tili ndi mlendo pantchito. Ndi mayi wojambula zithunzi ndi penti, amatchedwa Mayi Mauran. Orsolina, tsitsa nsidzezo, ndi wamkulu kuposa amayi athu ndipo amasuta kaliwo. Amabwera ndi kabokosi ka penti ndi nsalu yokhomera pathabwa, n'kukhala pakona mpaka dzuwa kulowa. Roubaud anafuna kuwathamangitsa, koma ali ndi chilolezo cha ansembe. Chinenero chathu amachithyolathyola, akuti anakhalako ku Torino ali mtsikana.

Tista anawauza kuti, "Mayi, bwanji osadikira timalize? Mukujambula fumbi ndi makwerero?"

Iwo anati, "Mukamaliza mudzabwera anthu. Ine ndikufuna muli chonchi."

"Ndiye mukadabwera chaka chatha," anatero Tista, "munali nkhunda zokha, zikadakuimirirani bwino."

Khoma loyamba latha. Ndinaliyang'ana Loweruka ndi dzuwa la madzulo, silinandichititse manyazi.

Pali kanthu kakang'ono, ndikukuuza kuti usadzamve kwa ena atakakulitsa. Lachiwiri tinkathira madzi panjereza yamoto m'dzenje, ndiye inawira n'kundilavulira kumaso. Tista ananditsuka ndi vinyo wake, akulira kuti vinyo wabwino akupita pachabe, kenako ananyambita m'maso mwanga ndi lilime monga amachitira amayi ake ukagwa chitsotso. Ndinagona masiku awiri nsalu ili kumaso. Tsopano ndabwerera pansanja. Maso amangotuluka misozi, basi, ndiye ukaona madontho papepalali usaganize kuti mwamuna wako wasanduka wolira.

Mbatata ubzale m'munda wa kumtunda, wa kumunsi upume chaka chino. Mzamba umuuziretu, usadikire tsiku lenilenilo.

Secondo

3 Julayi 1887

Amake Consolata,

Taona, ndalemba dzinali. Kalata ya Orsolina inafika Lachinayi. Ndinaiwerenga katatu, kenako ndinampatsa Tista kuti andiwerengerenso chifukwa Orsolina amalemba tizilembo tonga nyerere. Wabadwa masiku asanakwane, koma walira, akuyamwa! Ndinathamanga kukwera phiri ngati wamisala, n'kukapsompsona khoma. Milomo inatuwa ndi njereza, anzanga anandiseka tsiku lonse. Dzinalo mwasankha bwino, poti wabadwa tsiku la chikondwerero cha Amayi Maria Otonthoza, amene timawatcha Consolata. Iwo asunga mbali yawo. Kwatsala ine.

Iwe uli bwanji m'thupi? Uzidya, usamaumire. Ndatumiza mafuranki makumi atatu, ugule shuga ndi nsalu yofewa. Ng'ombe musagulitse, ngakhale atabwera ndi mawu okoma bwanji.

Undiuze mmene alili. Orsolina wangolemba kuti ndi wokongola, koma khanda lililonse ndi lokongola kwa azakhali ake. Mphuno ndi ya ndani? Makutu ndi otambasuka ngati a kwathu? Tsitsi lilipo? Maso ndi otani? Mulembe zonse, koma zilembo zikhale zazikulu.

Lamulungu masana anzanga amapita kukamwa ndi kusewera masewero oponya timipira tamatabwa kumudzi. Ine ndasiya, dzuwa la pabwalo limandibaya m'maso. Ndimakwera kutchalitchi, muli mthunzi. Mayi Mauran anandipeza ndili pabenchi yachitatu, ndipo anati ndisasunthe. Tsopano Lamulungu lililonse ndimakhala pomwepo, iwo akujambula kumbuyo kwanga. Ndinawauza kuti andidikire ndikamete ndi kuvala malaya abwino. Anati, "Musavutike, bambo. Sindikujambula inu, ndikujambula kuwala kumene kukukugwerani."

Timakhala maola awiri osayankhulana. Sindipemphera, Delfina, ndimangokhala. Kuwala kumayamba pansi pafupi ndi phazi langa, kumakwera pabondo, paphewa, kenako kumandisiya n'kupita pakhoma. Fumbi la njereza limayandama m'menemo. Chibadwire sindinakhalepo ndekha motere, kwathu nyumba ndi yodzaza, kuno chipinda ndi chodzaza. Nthawi zina zimakoma, nthawi zina ndimachita mantha osadziwa chimene ndikuopa.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake sapita ku Misa koma amakhalira m'tchalitchi. Anati mwana wawo mmodzi yekhayo anafera kunkhondo ya Ajeremani, ndipo kuyambira pamenepo iwo ndi Mulungu sapatsana moni. "Koma muno," anatero, "nthawi ngati ino, timatha kukhala m'chipinda chimodzi." Ndinaganiza za timanda tiwiri tija kuseri kwa tchalitchi cha kwathu.

Khoma lachiwiri lili pakati. Likuchedwa pang'ono.

Mpsompsone mwanayo pachipumi.

Secondo

14 Ogasiti 1887

Delfina,

Moni kwa nonse. Katsitsi ka mwana kamene munatumiza kafika, ndakasokera m'chipewa. Mwati ndi kofiirira. Ndakhulupirira.

Kalatayi ndaiyamba katatu. Orsolina, uwerenge pang'onopang'ono, ndipo amayi asakhalepo.

Lolemba Mayi Mauran anamaliza chithunzi chawo, n'kuchiimika pafupi ndi chitseko kuti tichione. Anzanga anatsika padenga akupukuta manja. Tista ndiye anayamba.

"Pepani mayi, penti anakutayikirani panjira?"

Wina anati, "Ayi, nkhunda zija zabweranso."

"Nanga Secondo ali pati? Ameneyu? Thumba la makala limene munthu waiwala pabenchi! Nkhope ilibe, manja alibe. Miyezi itatu, mayi! Ife tikamagwira ntchito chonchi Roubaud angatidye osaphika."

Onse anafa nacho chiseko. Ine ndinayandikira n'kuyang'ana. Delfina, sindinaonepo chithunzi choona ngati chimenecho. Guwa linali chinthu chotuwa chopanda m'mphepete, mabenchi akusungunuka, kuwala kochokera pazenera kuli banga lachikasu lotayikira mbali zonse, ndipo pakati pa zonsezo kamunthu kakuda katawerama. Ndinapsa mtima. Ndinati, "Mukuseka chiyani, mbuzi inu? Simukuona kuti ndi mmene mulili muno ndendende? Palibe chimene aphonya."

Chiseko chinatha.

Mayi Mauran anandigwira pamkono n'kunditembenuzira kuguwa. Anati, "Bambo Secondo, paguwapo pali makandulo angati?"

Ndinati awiri.

Panalibe kandulo. Panali botolo la Tista ndi nyundo.

Tsono wamva. Diso lamanzere lili ngati ndikuyang'anira m'madzi otsukira mpunga, lamanja likulitsatira pambuyo. Zinayamba kale, mu Juni. Ndinkati zitha.

Mayiwo anandikalipira ngati mwana wawo. Akuti ndinyamuke sabata yomweyi, ndikaone mwana wanga maso akadalipo, chifukwa fumbi la njereza likuwonjezera moto tsiku ndi tsiku. Ndinawauza za lonjezo. Anati, "Mukuganiza kuti Mayi ameneyo amayenda ndi chingwe choyezera makoma?" Ndinati sindikudziwa chimene amayenda nacho, ndikungodziwa kuti awiri anapita ndisanalonjeze, uyu wakhala nditalonjeza. Anatukwana m'Chifaransa, n'kutuluka.

Kwatsala khoma limodzi ndi theka. Ndikalimbikira, pakutha pa Seputembala ndamaliza. Nkhope ya munthu ndikaiyandikira kwambiri ndimaionabe. Khanda ndi la m'manja, silikhala patali.

Udzu wachiwiri mudule mvula isanabwere. Usalire, mkaka ungaume.

Secondo

18 Seputembala 1887

Delfina,

Ndikhulupirira Consolata wachira ndithu monga mwalembera m'kalata yachitatu. Ine ndilipo.

Makalata ako awiri oyamba aja ndinalandiranso. Yoyamba ija inandithyola. Unati, bwera, makoma alibe mwana. Unati bambo mfumu a kutchalitchi kwathu anena kuti lonjezo lotere likhoza kumasulidwa, munthu wina akamaliza m'malo mwanga. Ndikuuze zoona, ndinamvera. Ndinamanga katundu Lachisanu, Tista anandifunsira za sitima ya Lolemba. Loweruka kunafika kalata yachiwiri, yoti mwana watentha thupi masiku atatu ndipo akukana bere. Ndinafunsa Tista kuti kalatayo inalembedwa liti. Tinawerenga masiku chobwerera. Anayamba kudwala tsiku lomwe ine ndinayamba kuganiza zothawa.

Iwe unena kuti ndi mphepo ya m'phiri, ana onse amadwala. Tista wanena zomwezo, Mayi Mauran anena zoposa. Mwina mukunena zoona nonsenu. Koma bambo mfumu panalibe pamene ndinkagwada pazitosi paja, ndipo si iwo amene adzakumbe kadzenje kachitatu. Ndinamasula katundu.

Mayi Mauran ananditengera kwa dokotala ku tawuni, analipira okha. Anandiyang'ana ndi kagalasi, n'kuyankhula nawo m'Chifaransa nthawi yaitali. Pobwerera ndinawafunsa kuti wati chiyani. Anati wati kukumera kakhungu pamwamba pa diso, ngati kamene kamabwera pamkaka wowiritsa. Ndinati nanga amakachotsa bwanji. Anayamba kundiuza za mitengo ya m'njira.

Roubaud wadziwa. Anabwera ndi dzuwa la madzulo, khoma lachitatu linamuuza zonse. Anati nditsike pansanja, sakufuna mtembo wa Mtaliyana m'tchalitchi. Ndinamugwadira, Delfina, ine mwana wa bambo anga. Tagwirizana zina zimene sindilemba pano. Mwezi uno sinditumiza kanthu, mugulitse tchizi.

Khoma lachitatu ndalipala n'kuyambanso. Tsopano timagwira chonchi: ine ndimapaka, n'kumayendetsa chikhatho pakhoma kumva potupa ndi polowa. Dzuwa likapendeka Tista amatsika padenga, amaima pachitseko n'kumakuwa, "Kumanzere, kadzidzi iwe! Pamwamba pang'ono! Pamenepo pali mimba ngati ya Roubaud!" Wandipempha kangapo kuti andithandize ndi mpeni wake wopakira pulasitala, ati Amayi Maria sadzadziwa. Ndamukaniza. Manja anga ang'ambika, njereza yalowa m'ming'alu, koma aphunzira kuona.

Usandidikire mu Seputembala.

Secondo

9 Okutobala

Delfina moni. Ndili bwino. Khoma lachinayi layamba. Mizere ikakwerana undikhululukire, pepala sindikuliona malire. Zenera ndikuliona. Lamulungu ndimakhalabe pabenchi paja ngakhale chithunzi chinatha, mayi aja amabwera kudzakhala kumbuyo osajambula. Nkhuni za chisanu musachedwe nazo. Mwana wayamba kuseka, mwatero. Amaseka bwanji, ngati ndani

S.

4 Novembala 1887

Mlamu Delfina, wolemba ndine Tista Mosca. Mawu ndi a mwamuna wanu, ine langa ndi dzanja lokha. Akuti ndilembe zonse mmene akunenera, ndikasintha kanthu andithyola khosi akandipeza.

Delfina mkazi wanga,

Ndikhulupirira muli bwino, iwe, mwana ndi amayi. Ine thupi lili bwino, ndikudya.

Makoma atha. Ndinamaliza Lachitatu la sabata yatha, kona ya kuseri kwa guwa, ndikukwawa ndi maondo. Njereza yomaliza ndinapaka ndekha katatu. Roubaud anabwera ndi dzuwa la madzulo, anayenda uku ndi uku. Tista akuti kapitawoyo anavula chipewa. Sindikudziwa ngati akunena zoona, Tista amanama pofuna kukondweretsa munthu.

Lamulungu anadalitsa tchalitchi. Kunabwera ansembe atatu ndi mudzi wonse, nsapato zolira, mafuta onunkhira. Ife Ataliyana tinaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo kuphwando sanatiitane. Ndinamva mayi wina akuti, koma makomawa ayera ngati mkaka. Ndinafuna kumufunsa ngati kona ya kumanzere yatuluka bwino, koma Chifaransa changa ndi cha pansanja.

Onse atapita ndinauza Tista andikhazike pabenchi yachitatu, iye apite. Ndinadikira. Ndinamva kufunda paphazi, kenako pabondo, kenako paphewa, ndiye ndinadziwa kuti kwafika. Ndinakweza nkhope. Sikuti ndi mdima, Delfina, anthu amanama. Ndi kuyera. Kuli ngati ndaima pafupi kwambiri ndi khoma langa lomwe, mphuno itagunda, ndipo kulikonse kumene ndingatembenukire khomalo lilipo. Zenera lija linangokhala poyera kuposa pena. Ndinawafunsa Amayi Maria kuti, tathana kodi? Mwatenga zokwanira? Ndinakhala mpaka kufunda kunandichoka. Sanayankhe. Sindinganene kuti ndinawakwiyira, sindinganenenso kuti ndinawathokoza. Tinangokhala m'chipinda chimodzi.

Usaganize kuti sindikudziwa chimene ndachita. Mu Ogasiti ndikadamuona. Ndimawerenga masiku amenewo chobwerera mpaka mutu kuwawa. Ndikamva kuti akuseka ndimati ndinachita bwino, ndikagwira chipewa changa pamene pali katsitsi paja ndimati ndine chitsiru cha m'chigwa chonse. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo ndidzagona nazo mpaka kufa. Ndikubwera wopanda ntchito, wopanda maso, pakamwa pokha. Unakwatiwa ndi mmisiri, akubwezera thumba la makala. Ndikuchita manyazi, ndipo ndikuopa.

Mayi Mauran apita ku Paris ndi chithunzi chachikulu chija. Akuti anthu a kumeneko adzaima patsogolo pake n'kumakamba za mtendere wa munthu wopemphera. Asiyeni akambe. Koma andisiyira chaching'ono chimene anayambira, chokwana m'thumba la malaya. Potsanzikana anandigwira kumaso ndi manja onunkha penti, ndipo ndinamva kuti akulira. Chithunzicho udzachipachike pafupi ndi zenera la kukhitchini. Consolata akadzakula n'kufunsa kuti bambo amationa bwanji, udzamuonetse chimenecho, umuuze kuti ankaona chonchi, masiku abwino.

Tinyamuka Lachiwiri. Tista andigwira dzanja m'sitima ndi panjira ya m'phiri, ndipo pa Martino Woyera tidzakhala pamlatho pamodzi ndi ena. Tsono mvera bwino, ndi chifukwa chake ndalembetsa kalatayi. Belu likalira akazi onse adzakweza ana m'mwamba. Iwe usamukweze. Ndikudziwa kuti wadikira zaka zisanu ndi ziwiri kuti uchite zimenezo pamaso pa onse amene ankakunena, koma usamukweze, Delfina. Ndidzamva anzanga akufuula kuti ndamuona, ndamuona, ndipo ndikadziwa kuti nawenso waima pamenepo manja ali m'mwamba, miyendo yanga sidzawoloka. Udzangoima kumapeto kwa mlatho, kumanja, n'kunditchula dzina kamodzi.

Ndikafika usandipatse mwana tsiku lomwelo. Manjawa ali ngati khungwa, angamukande. Ndayamba kuwapaka mafuta a nkhumba m'mawa ndi madzulo, Tista akuti chipinda chikununkha ngati mwa ogulitsa nyama. Akafewa ndidzakuuza. Pamenepo udzamugoneke pamiyendo panga, pafupi ndi zenera, dzuwa litapendeka, ndipo nonse mudzatuluke. Manjawa anapeza kotupa kochepa ngati njere ya mpunga pakhoma lalikulu. Mphuno ya mwana wanga sadzalephera kuidziwa kuti ndi ya ndani.

Mtundu wa maso ake wokha ndiwo udzandiuze iwe.

Ndine mwamuna wako,
Secondo

Mlamu, ndine Tista. Chipewa chija Roubaud anavuladi, ndikulumbira. Dzinali walemba yekha, ndangomuikira cholembera poyambira.